Kamangidwe ka chitseko chopepuka cha kumbuyo chogwidwa ndi mapini pa galimoto ya mpikisano

Chitseko cha kumbuyo, cha ku buti, chimene galimoto imachoka nacho ku fakitale chimalemera kuposa mmene chimaonekera, chifukwa kuwonjezera pa chitsulo chake chimasenzanso galasi lochindikala, mota ya waipa, loko, mahinjesi, mawaya ndi mapulasitiki a mkati. Katundu yenseyu amakhala pamwamba ndiponso kumapeto kwenikweni kwa galimoto, komwe kulemera kumasokoneza kwambiri kakhotedwe kake. N'chifukwa chake okonza galimoto za mpikisano amachichotsa n'kuikapo china cha fiberglass kapena carbon fibre (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi kapena wa carbon), chopanda mahinjesi ndi loko, chimene chimagwidwa ndi mapini okha ndipo pochitsegula amachinyamula chonse n'kuchiika pambali. Ntchitoyi munthu wodekha angathe kuichita ndi zida wamba, koma yonse yagona pa mfundo imodzi: chitseko chiyambe chakhala bwino pamalo pake, chokha, popanda wochikanikiza, ndipo pokhapo ndi pamene mungaboole bowo loyamba. Mapini ntchito yake ndi kugwira chitseko chimene chakhala kale bwino. Mukawagwiritsa ntchito pokoka chitseko chopotoka kuti chiwongoke, chimang'aluka mozungulira mabowo, ndipo chimang'aluka galimoto ili pa liwiro.

Musanagwire sipanala, werengani buku la malamulo a mpikisano umene mukufuna kulowa. Magulu ena a mpikisano salola n'komwe kusintha chitsulo cha bodi ndi zipangizo zina, ndipo chitseko chanu chokwera mtengocho chingachititse kuti galimoto ikanidwe poiyendera. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto pa dziko lonse, mu Appendix J, Article 253, amafuna kuti boneti ndi chitseko cha buti zikhale ndi zomangira zowonjezera zosachepera ziwiri chilichonse, ndiponso kuti loko wa ku fakitale achotsedwe kapena aphedwe, n'cholinga choti opulumutsa anthu pangozi azitha kutsegula ali kunja popanda kiyi. Mabungwe ena amalemba zawozawo, makamaka pa kuchindikala kwa windo la pulasitiki, kumene kawirikawiri kumayambira pa mamilimita 3 kapena 4, komanso pa nyali ya mabuleki ndi chotchinga pakati pa thanki ya mafuta ndi woyendetsa. Lembani zonsezi papepala musanagule chilichonse.

Zomangira zilipo za mitundu itatu imene imapezeka kwambiri. Pali mapini wamba, omwe ndi ndodo zachitsulo za mazinga zotulukira pamwamba pa chitseko n'kutsekedwa ndi kilipi, ndipo ambiri amakhala a mamilimita 9.5 kapena 12.7 kunenepa kwake. Pali maloko ogona mofanana ndi bodi, monga a AeroCatch, amene sasokoneza mphepo koma amafuna kuti mudule bowo lalikulu m'chitseko. Palinso zomangira za Dzus, zimene William Dzus anazitulukira m'zaka za m'ma 1930 kuti zizigwira malata a ndege, ndipo zimatseka mukazipotoza gawo limodzi mwa magawo anayi a mzunguliro. Kwa munthu amene akuchita ntchitoyi koyamba, ine ndimasankha mapini wamba. Amalola kukweza ndi kutsitsa chitseko pongopotoza manati, ndipo aliyense amatha kuona ali chapatali ngati kilipi ilipo kapena palibe, pamene chomangira cha Dzus chimatha kuoneka ngati chatseka chisanagwire sipiringi yake ya pansi. Popeza mahinjesi achoka, mapini awiri sakwanira. Ikani anayi, limodzi pa ngodya iliyonse, ndipo ngati chitseko n'chachitali kapena chofewa pakati, onjezerani ena awiri m'mbali.

Kuchotsa chitseko chakale sikutenga nthawi, koma kumafuna anthu awiri. Yambani mwamasula waya wa negetivu pa batire. Kenako chotsani mapulasitiki a mkati, zulani mapulagi a waipa, a loko, a nyali ndi a mawaya otenthetsera galasi, ndipo tsekani paipi ya madzi otsukira galasi kuti isamadonthere m'galimoto. Nsonga ya waya uliwonse wotsala muikulunge bwino ndi kuimangirira, chifukwa waya wolendewera umakhudza bodi tsiku lina. Mnzanu agwire chitseko musanachotse mashoko a gasi amene amachichirikiza chikatsegulidwa, pakuti mukangochotsa limodzi kulemera konse kumagwa nthawi yomweyo, ndipo mashokowo musawaboole kapena kuwawotcha chifukwa mkati mwake muli mpweya wopanikizika. Masulani mabawuti a mahinjesi, tsitsani chitsekocho, ndipo muchiike pa sikelo pamodzi ndi mashoko, mahinjesi ndi loko kuti mudziwe kulemera kumene kwachokadi. Labala wa m'mphepete mwa khomo musamutaye, adzafunika.

Tsopano mwafika pa gawo lofunika kuleza mtima kuposa ena onse. Matani tepi ya pepala kuzungulira khomo lonse kuti penti isakalike, ndipo ikani chitseko chatsopano pamalo pake osachikakamiza. Zitseko za fiberglass sizituluka m'chikombole zili ndendende. Nthawi zambiri wopanga amasiya m'mphepete motambalala dala kuti womanga adule yekha, ndipo zina zimapotoka pang'ono chifukwa cha mmene zinagonekedwera posungidwa. Dulani timakatoni kapena timalabala tochindikala mamilimita 3 mpaka 5, mutilowetse pakati pa chitseko ndi bodi mbali zonse kuti mpata ukhale wofanana, ndiye muyang'ane pamene chikugunda. Pamenepo lembani mzere ndi pensulo pa tepi, tsitsani chitseko, palani pang'ono ndi tupa kapena sandipepa yokulungidwa pa thabwa, n'kuchibwezeranso. Mudzachita zimenezi kambirimbiri, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa chimene mwapala simungachibwezere. Galainda imafulumira, koma imadya mamilimita angapo m'kuphethira kwa diso, choncho muigwiritse ntchito pokhapokha pamene pali zambiri zochotsa, ndipo muime musanafike pa mzere. Palani molunjika kuchokera kunja kulowera mkati kuti khungu losalala la pamwamba, limene amalitcha gelcoat, lisatekeseke.

Fumbi la ntchitoyi si lochita nalo masewera. Valani chophimba mphuno ndi pakamwa chosefa fumbi, magalasi oteteza maso, magolovesi ndi malaya a manja aatali, ndipo gwirirani ntchito pamalo odutsa mphepo. Fumbi la carbon fibre lili ndi vuto linanso lakuti limadutsa magetsi, motero likalowa m'mapulagi, mu kompyuta ya injini kapena m'makina anu oboolera lingathe kuziwononga. Phimbani zamagetsi zonse ndipo fumbilo mulikoke ndi makina kapena mulipukute ndi nsalu yonyowa m'malo moliuzira.

Chitseko chikalowa m'khomo popanda kugunda, konzani msinkhu wake. Chiyenera kukhala pa zotsamira za labala zimene zimakwezeka ndi kutsitsika, zinayi kapena kuposerapo, ndipo chilichonse chikhale pafupi ndi pamene pini idzakhale. Chifukwa chake n'chakuti kilipi ikamakanikiza chitseko kuchokera pamwamba, pansi pake payenera kukhala chochilandira pomwepo. Chotsamira chikakhala kutali ndi pini, chitseko chimapindika pakati pa ziwirizo nthawi iliyonse mukachitseka. Yendetsani chikhatho kuchokera pa denga kutsikira pa chitseko. M'mphepete mwa kutsogolo mwa chitseko muyenera kufanana ndi denga kapena kutsikirapo pang'ono, ngati milimita imodzi, koma musatumphuke ngakhale pang'ono, pakuti mphepo yochokera pa denga ikapeza mlomo wotumphuka imalowa pansi pake n'kuyamba kuchikanganula. Ngati ngodya imodzi yakana kukhala, musaikakamize. Ikani chitseko padzuwa chitamangidwa mopepuka pamalo pake ndi tepi kapena malamba, chifukwa fiberglass ikafunda imagonja pang'ono, ndipo ngati yakanabe ndi bwino kukweza chotsamira n'kuvomereza kampata kusiyana ndi kusiya chitseko chili chokokedwa.

Mphamvu ya mphepo imene tikunenayi anthu ambiri amaipeputsa. Imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Pa makilomita 160 pa ola, mphepo yowomba molunjika imakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 120 pa sikweya mita imodzi. Chitseko cha kumbuyo sichilandira mphamvu yonseyo, koma ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvuyo pa chitseko cha sikweya mita imodzi ndi makilogalamu 30 okokera kunja, ndipo mawindo a m'mbali akakhala otsegula, mpweya wodzaza m'galimoto umachikankhanso kuchokera mkati. Chitseko chikazuka pa liwiro limeneli chimakagwera pa galimoto imene ikukutsatirani.

Malo a mapini asankheni poyang'ana bodi ya galimoto poyamba. Pini imafuna chitsulo cholimba, monga pamene panali mahinjesi, pamene malata awiri alumikizana, kapena kachitsulo kamene mwawotcherera pa mapaipi otchinjiriza woyendetsa ngati malamulo akulola. Lata limodzi la mu ngalande ya madzi ya m'mphepete mwa khomo ndi lopyapyala ndipo limang'ambika pini ikamagwedezeka, choncho pamalo otere ikani zitsulo zophwatalala zochindikala mamilimita 2 kapena 3, pamwamba ndi pansi, kuti katundu amwazike. Kenako onani ngati pamwamba pa malo amenewo chitseko chili ndi pophwatalala pokwanira kambale ka pini (kachitsulo kophwatalala kozungulira bowo lake), patali ndi m'mphepete mamilimita osachepera 30 kapena 40.

Pali vuto limodzi limene limaonekera mochedwa, mabowo atabooledwa kale, ndiye ndi bwino kulilingalira pano. Chitseko cha kumbuyo n'chopindika: kumtunda chimagona pafupifupi ngati denga, kumunsi chimaimirira. Mukaimika pini iliyonse molunjika ndi pamalo pake, mapini a kumtunda amaloza kumwamba pamene a kumunsi amaloza kumbuyo, ndipo chitseko sichingalowe kapena kutuluka m'mapini oloza kosiyana. Tambasulani zala ziwiri motalikirana, muyese kuzivula m'mabowo awiri a katoni, mudzaona vutolo. Chofunika ndi kusankha njira imodzi imene chitseko chizidzanyamukira, kawirikawiri chokwera cham'mbuyo, ndipo mapini onse aloze njira imeneyo kapena pafupi nayo. Zimenezi zimatheka popinda tizitsulo togwira mapini kapena poika mawasha opendekeka pansi pa manati. Kusiyana kochepa kotsala mumakuthetsa potalikitsa bowo pang'ono ndi tupa yozungulira, motsatira njira yonyamukira ija. Njira ina yabwino ndi kumanga malilime awiri achitsulo kumtunda kwa chitseko, amene amalowa pansi pa mlomo wa denga, n'kusiya mapini kumunsi ndi m'mbali. Malilimewo amagwira mbali imene mphepo imayambira, ngakhale kuti muyenera kufunsa kaye ngati oyendera galimoto amawawerengera monga zomangira.

Mangani mapini pa bodi, nati imodzi pamwamba ndi ina pansi, koma muwatsitse kaye kuti nsonga zawo zizingokhudza kunsi kwa chitseko chikakhala pa zotsamira. Pakani kadontho ka girisi kapena penti yosauma pa nsonga iliyonse. Inu ndi mnzanu tsitsani chitseko pang'onopang'ono, timakatoni ta mpata tili m'malo mwake, osachikhuluza chammbali, ndipo dinikizani ndi chala pamwamba pa pini iliyonse. Mukachinyamula mudzapeza timadontho tozungulira kunsi kwake. Kadontho kakaoneka kotalika ngati kokwekwesedwa, ndiye kuti chitseko chinasuntha, choncho pukutani muyambirenso. Ndi bwino kuyamba ndi mapini awiri a kumtunda okha, kuwamaliza, kenako n'kudinda a kumunsi chitseko chitagwidwa kale ndi awiri aja, chifukwa mukatero cholakwika cha bowo limodzi sichifalikira kwa onse.

Poboola, matani tepi mbali zonse ziwiri ndipo ikani thabwa pansi kuti ulusi usathothoke potulukira. Yambani ndi kabowo ka mamilimita 3 kuchokera kunsi, pakati penipeni pa kadontho. Bwezerani chitseko, suzumirani m'kabowoko ndi tochi, ndipo muyenera kuona pakati pa nsonga ya pini. Ngati mukuona m'mbali mwake, mudakali ndi mwayi wokulitsa bowo molowera komwe kuli pini. Kulitsani kuchokera pamwamba ndi choboolera cha masitepe, chimene sichikoka ulusi monga zimachitira zoboolera wamba zazikulu, mpaka bowo liposeko pini ndi mamilimita 2 kapena 3. Pini isakhule m'mphepete mwa bowo, chifukwa mazinga ake amapala fiberglass monga tupa. Mukamaliza, pakani guluu wolimba wotchedwa epoxy m'mphepete mwa bowo lililonse ndi monse mmene munapala, kuti madzi asalowe pakati pa ulusi n'kuyamba kuulekanitsa, ndipo chitsulo chilichonse chimene mwaboola pa bodi muchipake penti yoletsa dzimbiri.

Kwezani mapini, ikani chitseko, ndipo veketsani timbale tachitsulo pa mapiniwo kuti mudinde mabowo ake ali pamalo enieni. Timbaleti timangeni ndi maliveti kapena timabawuti, ndipo kunsi kukhale kambale kena kapena mawasha otambalala, chifukwa liveti yopanda washa imazuka mu fiberglass mosavuta. Pa chitseko cha carbon fibre sankhani zomangira za chitsulo chosachita dzimbiri, popeza aluminiyamu akagundana ndi carbon pamalo a chinyezi amadyeka msanga. Msinkhu wa pini ukhale woti kilipi izilowa mutadinikiza chitseko pang'ono ndi chikhatho. Ikamalowa mosavuta kwambiri chitseko chizigwedera ngati chivindikiro cha mphika wowira ndipo mabowo azikula. Ikamafuna kuti mutsamirepo ndi thupi lonse, mwatsitsa kwambiri ndipo ming'alu iyamba posachedwa. Mukapeza pabwino, mangitsani manati awiriwo mokanikizana, nati ya pansi ikhale ya nayiloni mkati kuti isamasuke, ndipo bowo la pini liyang'ane moti kilipi izilowa kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, mphepo iziikankhira mkati. Kilipi iliyonse imangirireni ndi kawaya ku kambale kake kuti isasowe.

Windo lake limakhala la pulasitiki yolimba yoonekera yotchedwa polycarbonate, imene ambiri amaidziwa ndi mayina a malonda a Lexan ndi Makrolon. Sikweya mita imodzi ya galasi la mamilimita 4 imalemera makilogalamu 10, pamene ya polycarbonate yochindikala mofanana imalemera makilogalamu 4.8, komanso siphwanyika n'kumwazika ngati galasi. Musaisokoneze ndi acrylic, imene imaoneka chimodzimodzi koma imasweka m'zidutswa zakuthwa, ndipo mabungwe ambiri a mpikisano saivomereza. Jambulani kaye pa katoni, dulani windolo pepala lake loteteza likadali pomwepo, ndipo salazani m'mphepete chifukwa mng'alu umayambira pa kamano kosiyidwa ndi sowo. Pepala la polycarbonate lophwatalala limapindika lozizira ngati kupindikako n'kwa mbali imodzi, koma ngati windo lapindika mbali ziwiri muyenera kugula lowumbidwa kale.

Polycarbonate imafutukuka ndi kutentha kuposa chitsulo ndi galasi, pafupifupi mamilimita 0.065 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi ya Celsius. Windo la mita imodzi limatalika mamilimita 2.6 kutentha kukasintha ndi madigiri 40, zomwe zimachitika pakati pa m'mawa wozizira ndi masana a dzuwa. Pachifukwa ichi mabowo ake akhale okulirapo kuposa mabawuti ndi mamilimita pafupifupi 2, atalikirane masentimita 10 mpaka 15, ndipo bowo lililonse litalikire m'mphepete kosachepera kawiri kukula kwake. Ikani mawasha a labala kapena a nayiloni, yambani kumanga pakati kupita kumapeto, ndipo mangani mongogwira, osafinya. Mankhwala omatira mazinga a mabawuti asayandikire windo limeneli, pakuti amaling'alula mozungulira bowo, ndipo chimodzimodzinso petulo, acetone, mankhwala otsukira mabuleki ndi otsukira magalasi okhala ndi ammonia. Madzi a sopo ndi nsalu yofewa ndi zokwanira. Windo likakhala lalikulu, timizere tiwiri ta aluminiyamu todutsa kuchokera kumtunda kufika kumunsi timaliletsa kutupa ndi kuzuka.

Nkhani ya labala wa m'mphepete ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaitengera, ndipo sindingalangize aliyense kumutaya pofuna kupulumutsa magalamu ochepa. Kumbuyo kwa galimoto yothamanga mpweya umazungulira n'kubwerera ku bodi, utanyamula utsi wa ekizosi, ndipo mpata uliwonse wa pa chitseko ungathe kuukokera mkati. Mu utsiwo muli carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, umene umayamba ndi kupweteketsa mutu ndi kuchedwetsa maganizo woyendetsa asanazindikire kuti china chalakwika. Labala wa ku fakitale nthawi zina amakhala wolimba kwambiri moti amakankha chitseko chopepuka n'kuchipinda. Zikatero ikani wa siponji wofewa, wosamwa madzi, kuzungulira khomo lonse popanda polekeza. Tsekaninso mabowo akale a mahinjesi, a loko ndi a mawaya. Poyesa, tsekerani kapepala pakati pa chitseko ndi labala malo osiyanasiyana n'kukakoka. Pamene kakutuluka popanda kulimba, pali mpata.

Ngati galimoto ili ndi phiko la kumbuyo, miyendo yake isakhale pa chitseko chopepuka. Phiko limakanikiza pansi ndi mphamvu imene chitseko chotere sichinapangidwire, choncho miyendoyo itsike mpaka pa chasisi, ndipo chitseko chingodulidwa timipata toti miyendo idutsemo osachikhudza. Nyali ya mabuleki kapena ya mvula ndi bwino kuimanga pa bodi, koma ngati iyenera kukhala pa chitseko, ikani pulagi yozula msanga kuti wonyamula chitseko asadule mawaya.

Zonse zikatha, chotsani ndi kubwezera chitseko kangapo kuti muone ngati munthu mmodzi angachite zimenezi popanda kulimbana nacho, ndipo gwirani ngodya iliyonse muikoke mwamphamvu. Ikani galimoto pa masikelo a mateyala anayi woyendetsa ali mkati, chifukwa kulemera kwachoka kumbuyo ndipo galimoto ingayambe kuchita mosiyana pokhota ndi pogwira mabuleki. Ngati gulu lanu lili ndi malire a kulemera, chitsulo chowonjezera chimangidwe pansi penipeni ndi mabawuti monga malamulo akunenera. Ulendo woyamba pa bwalo yambani ndi liwiro lochepa, muziwonjezera pang'onopang'ono wina akuyang'ana m'mphepete mwa denga ngati chitseko chikunyamuka kapena kunjenjemera. Mukabwerera, chotsani chitseko muyang'ane kunsi kwake: fumbi loyera kapena lakuda mozungulira bowo likusonyeza kuti pini ikukhula, ndipo timizere tooneka ngati ulusi wa kangaude pa gelcoat tikusonyeza kuti pamenepo pakanikizidwa kwambiri. Labala watsopano amaphwa pang'ono m'masiku oyamba, motero yesaninso kulimba kwa makilipi, tsitsani mapini amene akhwepa ndi theka la mzunguliro, ndipo pakani kamzere ka penti kodutsa pa nati ndi pa bodi kuti nati ikadzasuntha mudzaone msanga poyendera galimoto isanalowe m'bwalo.